Musawaletse Ana Kunena Kandulo

Abale mwa Khristu, pali ena pakati pathu amene akudzudzula ana ndi agogo omwe akanena "kandulo" m'tchalitchi. Akuti liwuli n'la ku Malawi, linabwera ndi othawa nkhondo pobwerera kwawo itatha nkhondo mu 1992, choncho Mkhristu wa ku Mozambique azinena "vela". Ine ndikukana.

Zoonadi tinalibwereka ku Chingerezi, ndipo kwa anthu a ku Tsangano, amene amalima kuno n'kukagulitsa mbatata ku Ntcheu, zimenezi n'zosadabwitsa. Koma Angerezi nawonso anachita kubwereka. Gwero lake ndi "candela" wa Chilatini, chinenero cha Eklezia, wochokera ku mneni "candere", kuwala. Chipwitikizi chomwecho chimene akutikakamizachi chinasunga muzu umenewu: muli "candeia", mulinso "Candelária", chikondwerero cha pa 2 Febuluwale pamene timadalitsa makandulo pokumbukira kuperekedwa kwa Yesu m'Kachisi. Kodi odzudzulawo asinthanso dzina la tsikulo?

"Vela" sindikumunyoza ayi. Amachokera ku "velar", kuchezera, ndipo amandikumbutsa usiku wa Pasaka. Amene anamuphunzira kusukulu amunene momasuka, koma asamusandutse lamulo la Mulungu.

Mayi wa ku Furancungo amene wabwera ndi khanda ku ubatizo ayenera kumva kuti lawi lija layatsidwa pa kandulo ya Pasaka, ndi kuti kulisunga mwa mwanayo ndi udindo wake. Tikamuuza m'mawu amene sawalankhula pakhomo pake, adzangovomera ndi mutu, phula likudonthera pa zala zake.