Liwiro la Mumchenga N'kuyambira Pamodzi

Mwambi umenewu ambiri amaumasulira kuti munthu asazengereze pa ntchito imene anzake ayamba kale, pakuti mumchenga phazi limatitimira ndipo wotsalira sawapezanso anzake. Kumasulira kumeneko n'koona, koma mawu awiri otsirizawo ali ndi phunziro lina limene limaiwalika. Pamene makolo ankanena za mpikisano wa liwiro, m'maganizo mwawo munkabwera anthu amene apangana, aima pamzere umodzi, ayang'ana kumodzi, ndipo aliyense wavomera yekha kuti athamange. Munthu amene sadamufunse sankamuwerengera mumpikisanowo.

Nkhaniyi ikudza chifukwa cha khalidwe limene layamba kumera mizu mumzinda wa Blantyre. Usiku wa Lachisanu ndi Loweruka, msewu wa Masauko Chipembere ukangopepuka, mumamveka kubangula kwa galimoto zimene eni ake adaziboola dala paipi ya utsi kuti mzinda wonse udziwe kuti iwo adutsa. Masana a Loweruka ndiye pamakhala mdipiti wa ukwati: achinyamata atakhala pamawindo, miyendo m'kati koma thupi kunja, galimoto ikupepeluka uku ndi uko ngati munthu woledzera, kenaka ina n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi, matayala akufuka utsi, ana ang'onoang'ono akuthamangira komweko kukaonerera. Akadzudzulidwa yankho lawo limakhala lokonzeratu: awa ndi masewero, kunja anzathu amachita, akuluakulu ndinu otsalira.

N'zoona kuti kunja amachita. Koma zikuoneka kuti anyamatawa adangoonera kachidutswa ka kanema pafoni, osafunsa zimene zimachitika kamera isanayatsidwe.

Ku South Africa, ku Britain, ku Germany ndi kumaiko ena kuli mabwalo omangidwira mpikisano wa galimoto basi. Pa masiku ena eni mabwalowo amatsekulira munthu wamba amene ali ndi Porsche, BMW kapena Subaru yake kuti adzaiyese mphamvu atalipira. Tsiku lotere limayamba ndi zinthu zimene mnyamata wa phuma sangazipirire. Galimoto imayamba yaunikidwa: matayala, mabuleki, malamba, ndiponso ngati sikudontha mafuta. Kanthu kalikonse kongotayika m'katimo, kaya ndi botolo kaya ndi sipanala, kamatulutsidwa. Woyendetsa amavala chisoti cholimba, amasaina chikalata chovomera kuti akudziwa kuopsa kwa chimene akukachita, ndipo amakhala pansi ngati mwana wa sukulu kumvera malangizo. Kawirikawiri inshuwalansi ya pamsewu silipira ngozi ya pabwalo lotere, choncho akaphwanya galimoto amalira ndi thumba lake. Ongoyamba kumene amaikidwa pagulu lawo, mlangizi atakhala pambali pawo. Galimoto zonse zimalowera mbali imodzi. Palibe wapansi, palibe wa njinga, palibe mbuzi. M'makona muli malo otakasuka othiridwa miyala ing'onoing'ono ndi mipanda ya matayala kuti wolephera kukhota akaimire mmenemo, ndipo ambulansi imakhala ili chire.

Kuli ngakhale chinenero cha mbendera chimene aliyense ayenera kuchidziwa. Yachikasu ikuti patsogolo pali zovuta, chepetsa liwiro, usapitirire mnzako. Yofiira ikuti zonse zaima. Yakuda ndi yochititsa manyazi: iwe wekha tuluka, ukayankhe mlandu. Ndipo chimene chingadabwitse a m'misewu ya Blantyre n'chakuti pa masiku ambiri otere kupikisana kwenikweni n'koletsedwa. Wofuna kupitirira mnzake amadikira malo ololedwa, mnzakeyo atamupatsa mpata. Munthu wa ndalama zake, wa galimoto yothamanga kuposa zonse zimene zili ku Namiwawa, amamvera kansalu kogwidwa ndi mnyamata woimirira pambali.

Malamulo amenewa adalembedwa ndi magazi. Pa 5 Marichi 1977, pabwalo la Kyalami pafupi ndi Johannesburg, galimoto ya Renzo Zorzi idaima pambali itayamba kuyaka. Anyamata awiri othandiza pabwalopo adathamanga kudutsa msewu kuti akazimitse motowo. Woyamba adawoloka. Wachiwiri, Frederik Jansen van Vuuren, wa zaka 19, adawombedwa ndi galimoto ya Tom Pryce imene inkathamanga pafupifupi makilomita 270 pa ola. Mnyamatayo adafera pomwepo, ndipo chozimitsira moto chimene adanyamula chidamenya Pryce m'mutu, nayenso n'kufa. Apa padali pabwalo lotchingidwa, woyendetsa adali katswiri wa Formula One, ndipo odutsa msewu adali awiri okha. Nanga ku Ndirande, pamene msika udasefukira mpaka m'mphepete mwa phula, odutsa msewu pa mphindi imodzi ndi angati?

Msewu wa m'makwalala a Blantyre uli ndi eni ake ambiri. Ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa misewu imakwera ndi kutsika mapiri, ili ndi makona obisika ndi ngalande zakuya m'mbali. Ku Bangwe minibasi imaima paliponse pamene kondakitala waona mutu wa munthu. Ku Machinjiri mbandakucha amayi amakhala ali kale panjira ndi madengu a masamba, ana a sukulu ali m'magulumagulu, wa kabaza atanyamula anthu awiri ndi thumba la makala. Wogulitsa chiwaya, wa tomato, wa kaunjika, onsewo ofesi yawo ndi m'mbali mwa msewu. Palibe mmodzi mwa iwo amene adasaina chikalata. Palibe amene adavala chisoti pochoka kunyumba. Mayi wa dengu uja sadayambire nawo pamodzi liwiroli, komabe akalakwitsa mnyamata wa pachiwongolero, amene akagone ku Gulupu ndi mayiyo.

Masamu ake ndi osavuta, mwana wa Fomu 2 angathe kuwawerengera. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi. Pa makilomita 100 imadutsa pafupifupi mamita 28. Diso lisanauze phazi kuti liponde buleki, sekondi imodzi yatha kale. Ndipo buleki ikapondedwa, mtunda woimira suwirikiza kawiri monga liwiro, umawirikiza kanayi. Galimoto ingakhale yokwera mtengo bwanji, lamuloli silisintha, pakuti silidalembedwe ndi apolisi. N'chifukwa chake msonkhano wa nduna za maiko umene udachitikira ku Stockholm mu 2020 udalimbikitsa liwiro la makilomita 30 pa ola pamalo pamene galimoto zimasakanikirana ndi anthu apansi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2023, lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozi zimenezi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka za pakati pa 5 ndi 29. Ndiye kuti msinkhu womwewo umene ukuombera m'manja utsi wa matayala ndi umenenso ukudzaza manda.

Anyamatawa akati akuluakulu amadana ndi zachilendo, akuwanamizira makolo. Gule wa Beni wa Ayao ndi Malipenga a kumpoto adatengedwa ku perete wa asilikali. Makolo adaona chinthu chachilendo, adachikonda, adachitenga. Koma adatenga chathunthu: yunifolomu, maudindo, mzere wowongoka, wenzulo ndi kumvera wotsogolera. Sadangotola phokoso la ng'oma n'kusiya mwambo wake. Ndipo gule aliyense woopsa adali ndi malo ake. Gule Wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005, amavinidwa pabwalo, mfumu itadziwa, anthu atapanga bwalo lozungulira, ndipo pamakhala akuluakulu oyang'anira kuti ana asayandikire. Ngoma ya Angoni imavinidwa ndi zibonga ndi zishango zenizeni, koma palibe Mngoni wolongosoka amene angalowe nacho chibonga mumsika n'kumachizunguza pakati pa ogula, ati poti ndi chikhalidwe. Wotero amamugwira n'kupita naye kwa mfumu. Galimoto yolemera tani imodzi ndi theka ndi chibonga choposa zonse zimene Angoni adasemapo.

Komabe nawonso amene amangofuula kuti zithetsedwe basi akuponya mwala pafupi. Mnyamata kukonda liwiro si chinthu cha lero. Agogo ake ankapikisana pa njinga za Humber ndi Raleigh, ndipo agogo a agogowo ankathamangitsa insa. Magazi a unyamata sathetsedwa ndi chikalata cha khonsolo. Ku Soweto masewero ozungulitsa galimoto adayamba cha m'ma 1980, ndipo poyamba adali a zigawenga, ochitikira pamaliro a anzawo, kawirikawiri ndi BMW 325i imene kumeneko amaitcha Gusheshe. Apolisi adalimbana nawo kwa zaka zambiri osawatha. Chimene chidasintha zinthu ndi kuwalowetsa m'mabwalo otchingidwa, oonerera ali kuseri kwa mpanda, mpaka mu 2024 nduna ya zamasewero ya dzikolo, Gayton McKenzie, idalonjeza poyera kuti idzawakweza. Ku Cape Town bwalo la Killarney limatsekula madzulo ena kuti a galimoto wamba apikisane movomerezeka m'malo mochitira pamsewu wa onse. Ku Harare kuli bwalo la Donnybrook. Zambia idatulutsa Satwant Singh, amene adakhala katswiri wa Africa pa mpikisano wa rally kangapo konse, ndipo ulemu umenewo sadaupezere pa Cairo Road.

Ena adzati Malawi ndi dziko losauka, silingamange bwalo la galimoto pamene zipatala zikusowa mankhwala. Akunena zoona, ndipo ndalama ya msonkho isapite kumeneko ngakhale tambala imodzi. Koma bwalo la Silverstone, limene lero ndi lotchuka padziko lonse, lidayamba ngati bwalo la ndege za nkhondo losiyidwa, ndipo mpikisano waukulu woyamba udachitikapo mu 1948 njira yake itazindikiritsidwa ndi migolo ndi mitolo ya udzu. Munthu amene wakwanitsa kuitanitsa galimoto ku Japan, kuilipirira msonkho ku Songwe kapena ku Mwanza, kuigulira matayala otambalala ndi kuwatentha dala pa Loweruka limodzi, sangalephere kusonkherana ndi anzake makumi awiri, kubwereka malo kunja kwa mzinda, kupempha chilolezo, kutchinga ndi matayala akale ndi kulipira ambulansi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati safuna kulipira zimenezi, zikuonetsa kuti chimene akufuna si luso la kuyendetsa. Akufuna maso a anthu, ndipo maso aulere amapezeka pamsika.

Apolisi a pamsewu ndi a Directorate of Road Traffic and Safety Services ali nalo kale lamulo la Road Traffic Act la 1997, limene limaletsa kuyendetsa mosasamala. Chosowa ndi kupezeka pamsewu pa ola limene mabingu amenewa amayamba, osati masana okha pamene ogwidwa amakhala a minibasi. Koma gawo lalikulu lili m'manja mwa mabanja. Galimoto zambiri zimene zimachita misala pa mdipiti wa ukwati ndi zobwereka kwa malume, kwa bambo aang'ono, kwa mpongozi, ndipo mwini wake amakhala ali m'galimoto ya patsogolo, atavala suti, akumwetulira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: kamwana kamene kaima m'mbali mwa msewu ku Chinseu kukuwa kuti "Azungulitsenso!" kali ndi amake amene akukadikira kuti kakadye nsima.

Ankhoswe amaunikira zonse za ukwati, kuyambira nkhuku ya chinkhoswe mpaka mtundu wa nsalu ya anamkungwi. Komiti imakhala ndi wapampando wa zakudya, wa zokongoletsa, wa mayendedwe. Wa mayendedweyo apatsidwe mphamvu yolemba maina a oyendetsa onse usiku wa Lachisanu, kuona laisensi ya aliyense, kunena poyera kuti wokhala pawindo atsika, ndi kulanda makiyi kwa amene wayamba kupepelutsa galimoto, ngakhale atakhala mchimwene wake wa mkwati.