Pojambula Mau Panyumba: Phokoso Licokera Kuti?

Mwezi watha tinali pa nyumba ina kufupi ndi mishoni ya Kasisi, kumene anyamata a kwaya anafuna kujambula mau a ambuya ao, amene akali kukumbukira nyimbo zakale za Cisoli ndi za m'chalichi zosalembedwa m'buku liri lonse. Ambuyawo anaimba ola lathunthu. Koma pomvetsera madzulo, pansi pa mau ao panali kulira kosalekeza konga kwa njuci zotsekeredwa m'botolo. Anyamata anagwa mphwayi, ndipo mmodzi anati ndalama za kwaya zigulire maikolofoni ina. Tinawaletsa, pakuti kawirikawiri maikolofoni siyo yolakwa. Imangonena zimene yamva.

Coyamba ndico kujambula cete. Aliyense atseke pakamwa kwa mphindi imodzi, makina ali kugwira nchito, ndipo pambuyo pace mumvetsere ndi mahedifoni. Phokoso liri lonse liri ndi mau ace, ndipo mau amenewo ndiwo aulula kumene licokera.

Kung'ung'udza kwa njuci kuja n'kwa magetsi. Magetsi a m'Zambia asinthasintha ka 50 pa sekondi imodzi, ndipo nthambo ya maikolofoni ikagona pamodzi ndi ya magetsi, kapena makina akalumikizidwa ku masoketi osiyana, kugunda kumeneko kumalowa m'nyimbo. Ku Kasisi tinangozula chaja ca laputopu kuti iyendere batire, njuci zonse n'kuthawa. Zikapanda kuthawa, lumikizani makina onse ku soketi imodzi, patulani nthambo, ndipo zulani zinthu cimodzicimodzi, mukumvetsera, kufikira wolakwa apezeke. Alipo ena amene amathyola mwendo wacitatu wa pulagi cifukwa phokoso limaleka. Conde musatero: mwendo umenewo ndiwo ucinjiriza munthu wogwira maikolofoni kuti magetsi asamuphe.

Kuyambira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri, mabanja oculuka anagula majenereta ndi mainiveta a sola. Nazonso ziri ndi nyimbo yao. Iniveta yochipa imaliritsa makina, ndipo kafani kace kamamveka ngakhale ife tinakazolowera. Firiji nayo izimitsidwe, koma wina akumbukire kuiyatsanso, kuopa kuti amai a nyumba angatithamangitse cifukwa ca ndiwo zoonongeka.

Phokoso lina lifanana ndi mvula yowaza pa udzu. Limabwera pamene woimba ali patali ndipo takweza mphamvu ya maikolofoni kopitirira. Sendezani maikolofoni ikhale ngati cikhato cimodzi kucokera pakamwa, pambali pang'ono kuti mpweya usaimenye, ndipo tsitsani mphamvuyo. Kulira kodukaduka konga kwa ciwala ndi foni yofunafuna netiweki. Mafoni onse azimitsidwe.

Tsono pali za kunja, zimene ife a ku Chongwe tizidziwa bwino. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda liri m'boma lathu lomwe lino, ndipo malole a pa mseu wa Great East sapuma. Ndege njosavuta: imani, ipite, muyambirenso ndimeyo. Malata amathetheka dzuwa likakula, motero kujambula kuyenera m'mamawa kapena usiku. Cipinda ca simenti copanda katundu cimabweza mau ngati phanga. Pacikani mabulangete, imikani matiresi ku cipupa, yalani mphasa.

Anyamata adzati kompyuta idzakonza zonse. N'zoona kuti pulogalamu yaulere ya Audacity imacepetsa phokoso ikapatsidwa kacigawo ka cete kaja, koma ikapanikizidwa imadyanso mau a munthu, namveka ngati woimbira pansi pa madzi. Tinayesa pa nyimbo za ambuya, ndipo mwana wao sanawazindikire.

Tinabwerera Loweruka lotsatira mbandakuca, ndi batire lodzaza ndi mabulangete anai. Ambuya anadandaula kuti mau ao sanadzuke, koma anaimba nyimbo 11. Pakati pa yacitatu tambala analira pakhomo, ndipo anyamata atafuna kubwereza, iwo anakana, nati tambalayo ndi wao.