Chepetsani Zithunzi Musanatumize

Chithunzi chimodzi cha foni za masiku ano chimatha kulemera ma MB atatu kapena kuposa. Mukatumiza zithunzi 50 za tsiku loyeza BP kutchalitchi, bandulo ya Airtel kapena TNM yapita, ndipo mlembi wa mpingo ali ku Muloza uko azingodikira kuti zitseguke.

Yambani mwachotsamo zosawoneka bwino, ndi za odwala amene sanavomere kujambulidwa. Zotsalazo, pa kompyuta, pulogalamu yaulere ya IrfanView imazichepetsa zonse nthawi imodzi. Tsegulani Batch Conversion, sankhani zithunzizo, ikani m'lifupi 1200, n'kuzisunga m'foda ina. Zoyambirira zija musafufute, chifukwa chithunzi chikachepetsedwa sichibwereranso mwakale.

Pafoni, WhatsApp imazichepetsa yokha, bola muzitumize ngati zithunzi, osati ngati Document.