Wodwala akati chakudya chimamuwenga, tizilemba

Kuchipatala amatifunsa ngati pali mankhwala amene amatiwenga, monga Bactrim kapena penisilini. Za chakudya safunsa kawirikawiri. Chonsecho mtedza, mkaka, mazira, nsomba ndi soya zimatha kupha munthu amene thupi lake limadana nazo. Ndipo sizichedwa: m'mphindi zochepa milomo imatupa, kukhosi kumathina, kupuma kumavuta, munthu n'kukomoka. Madokotala amati anaphylaxis.

Taganizani mmene timadyera m'mawodi mwathu. Chiponde, chimene chapulumutsa ana ambiri onyentchera, amapangira mtedza ndi mkaka waufa. Mu Likuni Phala muli soya. Ndiye pali mabakuli a odzazonda matenda: phala lansinjiro, futali, nkhwani wotendera. Gadiyani wapabedi loyandikana amapatsirako mwana wako ndi mtima wabwino, ndipo kukana kumaoneka ngati mwano. Ndinadwazikapo mwana wa mchemwali wanga, amene mtedza umamuwenga. Nditawauza amene ankagawa phala, anandiyankha kuti, "Mayi, kuno si kuhotela." Sanali munthu wankhanza ayi. Anali okhaokha pamzere wautali, ndipo panalibe cholembedwa chosonyeza kuti mwanayo sakungosankha zakudya.

Cholembedwacho n'chimene ndikupempha. Wodwala aliyense amabwera ndi buku lakuchipatala. Patsamba loyamba palembedwe ndi zilembo zikuluzikulu chakudya chimene chimamuwenga, ndipo mawu omwewo amatidwe pabedi pake, kuti namwino wausiku ndi ogawa chakudya awone okha osadikira kuuzidwa.

Palinso nkhani ya mankhwala. Ambirife timathamangira Piriton. Iyeyo amachepetsa ziwengo ndi kuyabwa, koma kukhosi kukayamba kutseka sathandiza. Pamenepo pamafunika jakisoni wa adrenaline pantchafu, nthawi yomweyo. Mankhwala otere asagone mokhoma kufamase, makiyi ali ndi munthu amene waweruka.

Ku Britain anakhwimitsa lamulo lolemba zonse zimene zili m'chakudya chopakiratu mu 2021, mtsikana wazaka 15, Natasha Ednan-Laperouse, atamwalira mu 2016 chifukwa cha chitowe chimene chinali mu buledi koma osalembedwa. Zimene ndikupempha kwathu kuno sizilira lamulo la ku Nyumba ya Malamulo. A Unduna wa Zaumoyo, lamulani kuti funso la chakudya lizifunsidwa tsiku logoneka wodwala. Inunso agadiyani, nenani, ndipo musachoke pamaso pa adokotala mpaka alembe m'bukumo.