Yambani mwayang'ana pepala

Omvera athu pa Chiponde, makamaka inu amene mumapulinta ndi kufotokopa zikalata za anthu owoloka malire kupita ku Mandimba, tamverani. Pulinta ikayamba kutafuna mapepala, musafulumire kuiimba mlandu. Yambani mwayang'ana pepala. Makalata ndi mafomu amangofuna A4 wamba, koma asakhale wopyapyala kwambiri. Pepala lonyezimira la zithunzi, lopangidwira pulinta ya inki, musaliike mu pulinta ya leza. Kutentha kwake kumasungunula kunyezimirako n'kuwononga makina. Nanga dzinja likafika? Mapepala amamwa chinyontho, amapindika, ena amalowa awiriawiri. Asungeni m'paketi yake pa shelefu, osati pansi pa simenti. Anzanga, musanalipire mmisiri wochokera ku Mangochi boma, yambani mwayang'ana pepala.