Magwafa Akuwolera Pansi, Ife Tili Kalikiliki ndi Zam'mapaketi

Nditanena m'chipinda chodyera kuti ndilemba za mphamvu yobereka ya amuna, anzanga anaseka chikhakhali. Wina anati, "Iwe ukufuna unsembe, za kugwa m'papaya zikukukhudza pati?" Zikundikhudza ndithu. Tisanamizane abale, si tonse tili pano amene tidzafike pa guwa. Ambiri adzamanga mabanja. Ndipo odzozedwawo adzalandira ku parishi mabanja osowa mphatso ya mwana, momwe kawirikawiri chala chimaloza mayi pamene vuto lingakhale la bambo.

Mu 2017 akatswiri anapeza kuti ku Ulaya, North America, Australia ndi New Zealand mbewu ya abambo inachepa kupitirira theka pakati pa 1973 ndi 2011. Amaganizira fodya, kunenepa kwambiri, mankhwala ndiponso kadyedwe.

Tsono tatembenuzani kapaketi ka zokhwasulakhwasula kapena botolo la chakumwa cha utoto, muwerenge timalemba tating'onoto. Nthawi zambiri mupeza monosodium glutamate, yokometsera zakudya imene Kikunae Ikeda wa ku Japan anaitulukira mu 1908, kapena tartrazine, utoto wachikasu uja umatsalira pa lilime. Makoswe amene anapatsidwa zimenezi mochuluka pa kafukufuku, mbewu yawo inachepa ndi kufooka, chifukwa timaselo timadyeka monga chitsulo chimadyekera ndi dzimbiri. Koma ena amene anapatsidwanso vitamini C kapena madzi ofinyidwa ku zipatso sanawonongeke kwambiri.

Inde, munthu si khoswe, ndipo makoswewo amamwetsedwa mlingo woposa umene ife timadya. Mu 1987 komiti ya WHO ndi FAO inaona kuti monosodium glutamate ya m'chakudya si yoopsa. Choncho sindikuti paketi imodzi ikusandutsani gojo, ndipo wokugulitsani botolo la "mankhwala a zipatso" obwezera mphamvu akungofuna ndalama zanu.

Chondiwawa ine n'chakuti tikusinthanitsa chabwino ndi chokayikitsa. Gwafa ali ndi vitamini C kuposa lalanje, koma kuseri kwa khitchini magwafa akuwolera pansi, ife tili pa mzere ku kantini. Malambe ndi masau timawayesa zachimidzi.

Makolo athu, tsiku lodzationa mudzatitengereko masuku kapena mapapaya; zam'mapaketizo zichepeko. Nanu a Bambo Rekitala, bwanji pa ntchito zamanja kalasi iliyonse idzale ndi kuthirira mitengo yake ya zipatso?