Nyumba ya miyala ya ku Khondowe ndi yathu

Pali anthu amene akamva za Stone House, nyumba ya miyala ya ku Livingstonia m'boma la Rumphi, amangoti, "Imeneyo nja atsamunda, ikafuna kugwa igwe." Palinso ena amene akaitchula amangotamanda Dr Robert Laws, ngati kuti bamboyu ankaswa yekha miyala ndi kuisenza pamutu. Ine ndikutsutsana nawo onsewa.

Laws sitingamuchotse m'mbiriyi. Anafika m'dziko muno mu 1875. Malungo atapha anzake ku Cape Maclear ndi ku Bandawe, anakakhazikitsa mishoni pamwamba pa phiri la Khondowe mu 1894. Nyumbayi inamangidwa mu 1903 ndipo ankakhalamo mpaka pamene anabwerera kwawo mu 1927. Lero muli malo osungiramo zinthu zakale ndi zipinda zogona alendo.

Koma mutu umodzi susenza denga. Anaswa miyalayo ndani? Anakumba ndani msewu wokhotakhota wa Gorodi wochokera ku Chitimba? Anali makolo athu, ndipo ana awo ankaphunzira kumanga, ukalipentala ndi kusindikiza mabuku pa sukulu ya Overtoun. Thukuta lawo lili m'makoma amenewa.

Amene mukuti nja atsamunda, taganizani za anthu amene anasulidwa pa phiri limeneli. Levi Mumba anakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Clements Kadalie anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Ndipo mu 1959, boma la atsamunda litaponya uthenga pandege wofunsa ngati azungu a pamishoni akufuna kuthawitsidwa, akuda ndi azungu anagwirizana zokana. Yankho lawo analiyala pansi pafupi ndi nyumba yomweyi kuti a m'ndege aliwerenge: Aefeso 2:14. Kodi imeneyi ndi mbiri ya eni ake ena?

Nanunso otamanda, musabise zowawa. Abusa oyamba achikuda a mishoniyi, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, patatha zaka 39 amishoni atafika. Charles Domingo, amene analeredwa ndi Laws yemweyo, anadikira kudzozedwa mpaka anatopa nkuchoka. Mwasi naye anatuluka mu 1933 nkuyambitsa mpingo wake. Mlendo akamva za ubwino wa Laws okha, wamva theka la nkhani.

Pempho langa ndi ili: tiisamale nyumbayi ndi ndalama zathu, osadikira kuti a ku Scotland atikumbutse. Aphunzitsi a ku Rumphi, Karonga ndi Mzimba akwere nawo ana phirilo, akawauze za Domingo ndi Mwasi pakhonde lomwelo la Laws. Tikapanda kutero, ana athu adzakula akuganiza kuti agogo awo anali ongoonerera pamene ena ankamanga.